Kodi akaleka kuwombana ndiye kuti atula zida?

Mayi wina wa ku Zomba, yemwe mlongo wake anali m'gulu la asilikali athu opita ku Congo, wandilembera motere: "Aphunzitsi, nthawi ya nkhondo ya ku Goma ndinamva pa wailesi kuti zigawenga zavomera kutula pansi zida. Pakhomo tinasangalala. Sipanapite masiku tinamvanso kuti zalanda mzinda wina. Kodi amatinamiza ndi andale, kapena ndi Chichewa cha owerenga nkhani? Nanga awa oyendayenda kukakambitsa adani, tiziti ankhoswa, amkhalapakati kapena akazembe?"

Mayi, andale kunama amanama ndithu, koma pa mlandu uwu wokha ndiwaikira kumbuyo. Anakusokeretsani ndi yemwe anamasulira nkhaniyo.

Tiyambe ndi mneni uja kutula. Ndili mwana, agogo akazi akafika kuchokera kudambo ndi mtsuko pamutu ankangoima pakhomo n'kunena kuti, "Iwe, dzanditule." Ukawatula, ulendo watha, nkhata aiponya apo, akhala pansi. Nduna ikatula pansi udindo sibweranso mawa lake kudzapitiriza pomwe inalekezera. Ndipo mneniyu ali ndi mwana wake yemwe achinyamata samudziwanso: mtulo. Kale mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko, ndipo ankakautula kwa mfumu. Wopereka mtulo amavomereza kuti pano wamkulu si iye. Choncho munthu akatula zida ndiye kuti wagonja, kapena wavomera kuti nkhondo yake yathera pomwepo. Mfuti yachoka m'manja mwake.

Ku Congo komweko zoterezi zinachitikapo. Mu Novembala 2013 gulu la zigawenga la M23 linathyoledwa ndi asilikali a boma mothandizidwa ndi gulu lapadera la United Nations lomwe munali asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Linalengeza kuti kuwukira kwatha, ndipo ambiri anathawira ku Uganda ndi ku Rwanda komwe anawalanda mfuti. Kumeneko ndiye kunali kutula zida, ndipo wowerenga nkhani wa chaka chimenecho sanalakwe. Koma zomwe munamva inuzo ndi zina. Gululi linadzukanso kumapeto kwa 2021, linalowa mu Goma kumapeto kwa Januwale 2025, m'masiku omwe asilikali athu atatu anataya miyoyo, kenaka linalengeza lokha kuti kuyambira pa 4 Febuluwale liyamba laleka kuwombera. Palibe mfuti ndi imodzi yomwe imene linapereka kwa munthu. Pofika pa 16 Febuluwale linali mu mzinda wa Bukavu. Anthu amenewa mtsuko unali chikhalire pamutu, anangoima pamthunzi.

Nanga tizinena bwanji? Ine ndimati "agwirizana zoyamba aleka kuwombana", kapena mwachidule "aimitsa kaye nkhondo". Kamawu aka kaye musakapeputse. Kali ndi zilembo zinayi zokha koma kamanyamula zonse zomwe akatswiri amadzaza nazo masamba: kuti zimenezi n'zakanthawi, kuti chala chikadali pa mfuti, kuti nkhani yeniyeni sinayambe. Mwana ukamuuza kuti "taima kaye" amadziwa kuti ayendanso. Chikhala wailesi ija inaikapo kaye, nthungululu pakhomo panu mukanayamba mwaisunga.

Ndamvaponso anyamata ena pa wailesi akuti "sizifaya", mwinanso "ma dayalogu ali mkati". Izi zokha zimandidwalitsa mutu. Kubwereka mawu sindikana. Supuni ndi sukulu tinabwereka ndipo sitidzabweza. Koma kubwereka khasu kwa mnansi lako lili pakhonde ndi ulesi basi. Zokambirana tili nazo. Tili ndi mawu awirinso omwe zinenero zina zingatisirire, bata ndi mtendere. Bata ndi la nyanja mwera ukaleka. Asodzi amadziwa kuti ukhoza kuyambanso usiku womwewo. Mtendere ndi pamene munthu wadzala chinangwa ali ndi chikhulupiriro choti adzakumba yekha. Mgwirizano womwe Congo ndi Rwanda, dziko lomwe limanenedwa kuti limathandiza M23, anapanga ku Luanda, likulu la Angola, woti kuwombana kuime pa 4 Ogasiti 2024 unali wofuna bata, ndipo ngakhale batalo silinakhalitse. Wolemba nkhani akatcha chilichonse chosainidwa "pangano la mtendere" akugulitsa ufa wa mgaiwa m'thumba la ufa woyera.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe landikoma kwambiri.

Nkhoswa ayi. Ndikudziwa kuti ambiri amakonda mawuwa chifukwa amamveka achikhalidwe, koma taganizani momwe unkhoswe umayendera. Mwamuna ali ndi nkhoswa yake, mkazi ali ndi yake. Malume anga anali nkhoswa ya mabanja angapo, ndipo sindinawaonepo akulowa m'bwalo opanda mbali. Ankapita kukaimira mphwawo, ngakhale kuti pobwerera ankamukalipira panjira. Nkhoswa ndi wachibale, ndiponso satula udindo banja likavuta. Pulezidenti wa Angola, João Lourenço, anakambitsa Congo ndi Rwanda kuyambira 2022, ndipo mu Malichi 2025 anasiya ntchitoyo, bungwe la African Union n'kuipereka kwa Faure Gnassingbé wa ku Togo. Nkhoswa yeniyeni siingachite zimenezo, akuluakulu angaiseke.

Mkhalapakati ndi mawu abwino ndipo ndimawavomera, ngakhale amanunkha ofesi pang'ono. Amanena chinthu chofunika, kuti munthuyo sali uku kapena uko. Ndi dzina lomwe tinkawatchula a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae pamene anapatsidwa mkangano wa nyanja pakati pa ife ndi Tanzania utabukanso mu 2012. Kudandaula kwanga n'kumodzi: amkhalapakati a masiku ano sakhala. Taonani za ku Congo zomwezi. Atsogoleri a SADC ndi a kum'mawa kwa Africa anakumana ku Dar es Salaam pa 8 Febuluwale 2025. Pa 18 Malichi, apulezidenti Félix Tshisekedi wa Congo ndi Paul Kagame wa Rwanda anaonekera ku Doha atakhala ndi mfumu ya Qatar. Pa 27 Juni nduna zoona za kunja za maiko awiriwa zinasainirana ku Washington. Kuphatikiza ndi Luanda uja, mlandu umodzi mabwalo anayi, ndipo pakati pake ndi m'ndege.

Mawu omwe ine ndimawalira, ndipo sindiwamva pa wailesi, ndi kuleretsa. Ndewu ikabuka pamowa kapena pa mpira, amene amathamangirapo n'kugwira mkono wa uyu, kukankhira uyo kumbali, amaleretsa. Safunsa kuti wayamba ndani. Cholinga chake n'choti pasatuluke mpeni, ndiponso abale a omenyanawo asalowerere ndewu n'kukhala ya mudzi wonse. Kuyanjanitsa kumabwera pambuyo, kwa mfumu, mitima itazizira. Zambiri zomwe zinkachitika m'miyezi imeneyo zinali kuleretsa: kuopa kuti Burundi ndi Uganda, omwe asilikali awo anali kale m'dzikomo, angakokedwe, moto n'kukolera chigawo chonse monga zinakhalira mu 1998. Kuyanjanitsa n'kwina, chifukwa mlandu suwola. Dzina loti M23 lenilenilo likuchokera pa pangano la pa 23 Malichi 2009 lomwe eni gululi amati boma silinakwaniritse.

Kazembe ndamusungira kumapeto dala. Lero kazembe ndi bwana wa suti woimira dziko lake kunja, ndipo ntchito yake ndi yokhazikika, choncho si dzina la woleretsa. Koma amene munakulira m'tchalitchi mukumbuka kuti m'Baibulo lakale Pilato ndi kazembe, Namani wakhate uja ndi kazembe wa nkhondo. Ine palibe angandichotse pa chikhulupiriro chakuti mawuwa ndi amodzi ndi mfumu Mwata Kazembe wa ku Luapula, ku Zambia, yemwe makolo ake anatumidwa ndi mfumu ya Alunda, Mwata Yamvo, kuchokera m'dziko lomwe lero ndi Congo, kudzagonjetsa maiko a kum'mawa m'zaka za m'ma 1700. Kazembe woyamba ankafika ndi mikondo kudzatolera mtulo. Mukadzamva kuti akazembe akhamukira ku Kinshasa kukaletsa nkhondo, dziwani kuti dzinalo labwerera kwawo, koma ulendo uno lanyamula chikwama cha mapepala.