Achimwene a ku Kelso, musayambe ndi mfuti yomwe mudzaiope

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwini famu yomwe mukugwirako ntchito kufupi ndi Kelso wakulolani kuwombera nswala zomwe zikumudyera timitengo tongobzala kumene, ndiye mukufuna kudziwa mfuti yogula, ndalama zake, ndi kogulitsa nyama. Ine ndiyankha za mfutiyo. Ndakhala ndikusaka nswala kuno ku Perthshire, ku Scotland, zaka 8 tsopano, ndipo chaka choyamba ndinachita chinthu chomwe mpaka lero ndikachikumbukira mtima umandiwawa.

Aja akuti mungotenga .22 yowombera akalulu, chonde musawamvere. Kuwombera nswala ndi imeneyo ndi mlandu kuno, komanso ndi nkhanza, chifukwa nyama imathawa ndi chipolopolo m'thupi n'kukafera kutali patapita masiku. Winanso watchula AK. Mfuti za mtundu umenewo zinaletsedwa ku Britain mu 1988, anthu ataphedwa ku Hungerford chaka cha 1987. Nkhani za mfuti si zoyankha mongomva kwa anthu, munthu akhoza kumangidwa nazo.

Lamulo la ku Scotland likuti nswala zazing'ono zija za roe, zomwe kukula kwake n'ngati mbuzi yowonda, muziwombere ndi chipolopolo chosachepera ma grain 50 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), chotuluka pa liwiro losachepera mafiti 2,450 pa sekondi, mphamvu yake yosachepera ma foot-pound 1,000. Zikuluzikulu, monga red, sika ndi fallow, chipolopolo chisachepere ma grain 80, liwiro lomwelo, mphamvu 1,750. Kale ankati ma grain 100, anasintha mu 2023. Chipolopolocho chikhalenso chamtundu wofutukuka chikalowa m'thupi. Ndiye wina akuuzani kuti .223 ikukwanirani, ndipo pa roe ku Scotland sakunama. Koma inu muli ku Kelso, England ili pakhomo pomwepo. Mukangowoloka malire kulowa ku Northumberland, lamulo la kumeneko limafuna calibre (kukula kwa bowo la mpope wa mfuti) yosachepera .240 ndi mphamvu 1,700 ngakhale pa roe yomweyo. Tsiku lina mnzake wa bwana wanu adzakuitanani kutsidyako, inu mfuti muli nayo koma yosaloledwa. Komanso ku Borders kwanuko, chakumtunda kwa mtsinje wa Tweed, kuli sika, ndipo sika ndi nyama yolimba moyo. Bwanji osagula mfuti imodzi yoti igwire ntchito ponseponse?

Ine ndimati .308 Winchester. Zipolopolo zake mumazipeza m'sitolo ya mfuti iliyonse, mpope wake umakhalitsa, ndipo imagwetsa nswala yamtundu uliwonse wa kuno popanda kukuthyolani phewa. Ngati thupi lanu ndi laling'ono, 6.5x55 kapena 6.5 Creedmoor zimakankha pang'ono kuposa pamenepo ndipo n'zabwino ndithu. Anthu ambiri kuno anayambira pa .243, yofewa paphewa, koma mundimvere kaye za zipolopolo zamkuwa m'munsimu musanaisankhe. Mfuti zamphamvu kwambiri zija za magnum zomwe wina wakutumizirani zithunzi zisiyeni. Nswala ya makilogalamu 20 siifuna zimenezo.

Chomwe ndikunenera chonchi ndi ichi. Ine mfuti yanga yoyamba inali .270 yogwiritsidwapo kale ntchito, yopepuka kwambiri, yopanda choziziritsa phokoso kutsogolo, ndi sikopu (galasi lolozera nyama) yotchipa yomwe inabwera nayo. Zonse pamodzi ndinapereka mwina £450, ndikuona ngati ndatola. Tsiku loyamba kukayeserera, kuwombera kamodzi kokha phewa linachita dzanzi, makutu kuli ngwee. Pofika bokosi lachiwiri ndinali nditayamba kutsinzina ndi kukankhira phewa kutsogolo mfuti isanalire, koma ine osadziwa. Papepala zipolopolo zinkamwazikana, ine n'kumati ndi mphepo.

M'mawa wina wa Novembala, udzu uli mbuu ndi chisanu, roe yaikazi inatuluka m'mphepete mwa nkhalango ya paini, mamita ngati 90. Ndinaloza kuseri kwa mwendo wakutsogolo monga anandiphunzitsira, n'kuwombera. Siinagwe. Inapinda msana, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowa m'mitengo, mutu uli pansi. Nditafika pomwe inaima sindinapeze magazi ofiira athovu omwe amasonyeza kuti mwalasa mapapo. Panali timadontho takuda, tizidutswa tobiriwira ta udzu wam'mimba, ndi fungo lija la matumbo mukamatumbula mbuzi. Ndinaimbira bambo wina wachikulire woyang'anira nyama pa esiteti yoyandikana nafe, anabwera ndi galu wake. Tinaipeza patapita maola anayi, itagona m'zitsamba m'mbali mwa kamtsinje, ikadali moyo, itadzutsa mutu kutiyang'ana. Anaimaliza ndi iwowo, ine manja ankanjenjemera.

Madzulo ake bambo aja ananditengera poyeserera. Anachita ngati akundiikira chipolopolo ine nditayang'ana kumbali, n'kundipatsa mfuti kuti ndiwombere. Ndinakoka, inangoti tcha, munalibe kanthu, koma mpope unagwera pansi pafupifupi chikhatho chonse ndipo maso anga anali otseka. Iwo sananene zambiri, anangoti gulitsa imeneyi. Kuti mantha amenewo andichoke zinanditengera miyezi, ndikuwombera .22 papepala Loweruka lililonse. Si kuti .270 ndi yoipa ayi, alenje ambiri a m'mapiri a Highlands amaikonda kwambiri. Koma yopepuka, yopanda choziziritsa phokoso, m'manja mwa munthu wongoyamba kumene, imakuphunzitsani kuiopa, ndipo wolipira mantha anuwo ndi nyama.

Pano ndili ndi Tikka T3x ya .308, yopangidwa ku Finland, ndipo sindikufunanso ina. Yatsopano ili cha m'ma £1,200 mpaka £1,400, kutengera sitolo. Ngati thumba silikulola, Howa 1500 ya ku Japan imapezeka cha m'ma £700 kapena £800, yolemerako pang'ono, koma kulemerako n'kumene kumameza kukankha. Bergara B14 ya ku Spain nayonso anzanga amaiyamikira. Moderator, chija chomangirira kunsonga kwa mpope, musachione ngati chokongoletsa. Chimachepetsa phokoso ndi kukankha komwe, ndipo makutu anu mudzawafuna mukadzakalamba. Konzani £250 mpaka £350.

Pomwe anthu amaumira ndi pa sikopu, ndipo mpomwe amalakwitsa. Roe imatuluka m'bandakucha ndi chisisira, nthawi yomwe sikopu yotchipa imangoonetsa mdima ndi nthunzi. Lamulo limalola kuwombera kuyambira ola limodzi dzuwa lisanatuluke mpaka ola limodzi litalowa, ndiye nyama zambiri mudzaziona m'kuwala kochepa kumeneko. Bola mfuti ya £700 ndi sikopu ya £500, kusiyana ndi mfuti ya £1,400 ndi galasi la £80. Ine ndinagula Schmidt & Bender 8x56 yakale, yogwiritsidwapo kale ntchito, pafupifupi £400, ilibe zopotokola zambirimbiri koma imaona bwino mpaka mdima. Onjezani zomangira sikopu zolimba, ndodo zotsamiritsa mfuti, mabainokyula, ndi kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma yomwe apolisi adzabwera kudzaiona. Zonse pamodzi musayembekezere kutsika pa £2,000, pokhapokha mutapeza zakale zabwino.

Zakalezo samalani nazo. Sikopu yakale ya kampani yabwino ilibe vuto, koma mfuti yakale musagule musanaiwombere kapena wodziwa asanasuzumire mumpope. Makamaka .243, mpope wake umapsa msanga pafupi ndi polowera chipolopolo, kunja ikuwala bwinobwino koma mkati inatha kalekale. Wogulitsa akakana kuti muiyese, tulukani.

Za mkuwa zija. Boma linalengeza mu 2025 kuti zipolopolo zamtovu ziletsedwa m'zaka zikubwerazi, ndipo ogula nyama ya nswala ambiri anayamba kale kukana nyama yowomberedwa ndi mtovu. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, ndiye chipolopolo chamkuwa cholemera chimodzimodzi chimakhala chachitali, ndipo mipope yambiri ya .243 siichizungulitsa mokwanira kuti chiuluke mowongoka. N'chifukwa chake ku Scotland anatsitsa lamulo lija kufika pa ma grain 80. Pa .308 vuto limeneli kulibe, ma grain 130 kapena 150 amkuwa amayenda bwinobwino. Bokosi la zipolopolo 20 ndi cha m'ma £45 mpaka £60. Gulani mitundu iwiri kapena itatu, muone womwe mfuti yanu ikuukonda, kenako musasinthenso, chifukwa mtundu uliwonse umagwera pakepake.

Chinanso chomwe palibe wakuuzani pano: simungalowe m'sitolo n'kusankha mfuti kaye. Mumayamba ndi chiphaso cha mfuti, Firearm Certificate, cha ku Police Scotland, ndipo pa fomuyo mumalemba calibre yomwe mukufuna. Akakupatsani ya .243 simungagule .308 popanda kupemphanso kuti asinthe. Ndiye ganizani bwino musanalembe. Adzafuna kalata ya mwini famu yosonyeza kuti wakulolani, anthu awiri okuchitirani umboni omwe akudziwani zaka zosachepera ziwiri, ndi mawu a dokotala wanu. Chiphasocho chimakhala zaka 5, ndipo mtengo wake unakwera mu 2025 kufika pafupifupi £200. Zimatenga miyezi, musamulonjeze bwana wanu kuti muyamba sabata yamawa.

Podikirapo chitani kosi ya ulenje wa nswala yotchedwa DSC1. British Deer Society ndi bungwe la alenje la BASC amaphunzitsa, masiku atatu kapena anayi, cha m'ma £300 kupita m'mwamba. Mudzaphunzira kusiyanitsa mitundu ya nswala, yaimuna ndi yaikazi, nyengo zake, kutumbula ndi kuyang'ana matenda, ndipo apolisi amakhulupirira msanga munthu amene ali ndi pepala limeneli. Za nyengozo musazipeputse. Ku Scotland roe yaikazi imawomberedwa kuyambira pa 21 Okutobala mpaka pa 31 Malichi basi, kuti ana asatsale amasiye. Zazimuna anachotsa nyengo yoletsa mu 2023. M'nyengo yozizira yaimuna imakhala itagwetsa nyanga, ndiye wosadziwa amasokoneza.

Ndipo pa famu ya chigwa ngati za kwanuko, musawombere nyama yomwe yaima pamwamba pa chitunda kumbuyo kwake kuli thambo kapena mpanda wa zitsamba. Chipolopolo cha .308 chimapyoza nswala n'kupitirira makilomita angapo. Kumbuyo kwake muziona dothi ndi maso anu. Ngati simukuliona, isiyeni ipite, mawa idzabweranso pa timitengo tomweto. Pemphani mwini famu akuikireni mpando wam'mwamba uja wotsamiritsa kumtengo, kuti muziwombera cholozetsa pansi.

Mukamachokera kutchire muzidzifufuza nkhupakupa, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Za kuno n'zazing'ono ngati njere ya chitowe ndipo zina zimapatsa matenda a Lyme. Kokowera kake kapulasitiki n'ka mapaundi ochepa ku famase, muzikayenda nako m'thumba. Mukaona chibanga chofiira chozungulira chikukula pomwe inakulumani, pitani kwa dokotala tsiku lomwelo.

Musanalembe calibre pa fomu ija, pezani malo oyeserera kapena mlenje wolipidwa woti akutengeni ulendo umodzi ndi mfuti yake, lamulo limalola iye ali pambali panu. Ulendo wotere ndi cha m'ma £80 mpaka £120, nyama payokha. Muwombere .308 ndi 6.5 zonse ziwiri papepala, ndipo mumuuze akuyang'aneni m'maso pomwe mukukoka.