Za Second Life, mbuzi ziwiri ndi mzimayi wa ku Ulaya: yankho kwa achimwene a ku Bangula

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Bangula, dzina sinditchula poti anapempha okha. Ndi bambo wapabanja, ana awiri. Akuti mnzawo amene ali ku Joni anawauza zoti pa intaneti pali dziko lotchedwa Second Life komwe anthu amagula malo, kugwira ntchito ndikumalandira madola, nde iwo alowamo masabata atatu tsopano pa laputopu ya alamu awo. Mafunso awo ndi awiri. Loyamba, agulitse mbuzi ziwiri kuti agule malo kumeneko? Lachiwiri, akumana ndi mzimayi amene akuti ndi wa ku Ulaya, anawatengera kumalo a zachikondi a akuluakulu okhaokha ndipo pano akufuna akhale "partner" wawo, kodi chimenechi ndi chibwenzi chenicheni, nanga akuwalakwira mayi akunyumba?

Achimwene, takhuta pondikhulupirira ndi nkhani ngati imeneyi. Mbuzizo zisiyeni m'khola kaye, ndikuuzani chifukwa chake.

Mnzanuyo sananame. Second Life inayamba mu 2003, eni ake ndi kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco imene anayambitsa Philip Rosedale. Si gemu yoti pali wopambana ndi wogonja ayi, ndi malo chabe, umapanga chithunzi cha munthu choyimira iweyo, amati avatar, nde umayenda nacho, kucheza, kuvina, kumanga. Ndalama yake ndi Linden dollar, amalemba L$, ndipo imasinthidwa ndi dola yeniyeni ya ku America pa msika wawo wotchedwa LindeX. Kwa zaka zambiri mtengo wakhala ukuzungulira cha m'ma L$250 pa dola imodzi. Nkhani imene aliyense amakamba ndi ya Anshe Chung, dzina lake lenileni Ailin Graef, amene mu 2006 anatuluka pachikuto cha magazini ya BusinessWeek ndipo chaka chomwecho analengeza kuti chuma chake cha m'dzikomo chakwana madola 1 miliyoni. Iyeyu ankagula malo akuluakulu, kuwakonza bwino, kuwadula maploti ndikumabwereketsa. Kuli dziko linanso, Entropia Universe la kampani ya MindArk ya ku Sweden, kumene Jon Jacobs anagula malo a madola 100,000 mu 2005 ndikudzawagulitsa zidutswazidutswa mu 2010 pa madola 635,000.

Zonsezi ndi zoona. Koma taonani zakazo, 2005, 2006, nthawi imene anthu ankakhamukira kumeneko ngati nsika wa thonje ukatsegulidwa, ndipo anthu awiriwa analowa ali ndi intaneti yosadukiza.

Tsono malo a ku Second Life sagulidwa ngati mmene mumagulira dimba kwa munthu amfumu akuchitira umboni. Mukalipira ndalama yoyambayo nkhani siyithera pomwepo, pali lendi ya mwezi ndi mwezi, amati tier, chifukwa malowo kwenikweni ndi danga pa makompyuta a kampani. Chilumba chathunthu, region, ndi mamita 256 mbali iliyonse, kuposa pang'ono mahekitala 6, ndipo lendi yake ndi pafupifupi madola 200 pamwezi. Kaploti kakang'ono nkotsika mtengo inde koma lamulo ndi lomwelo, mukasiya kulipira malowo amalanda. Ife kuno dimba lathu Shire akasefukira limamira, tinaona ndi Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 mmene ku Makhanga ndi East Bank yonse kunalili, koma madzi akaphwa nthaka imatsala ndipo timadzalanso chimanga ndi mbatata pachinyontho. Kumeneko mukasiya kulipira palibe malo otsala, ngakhale udzu. Komanso lendiyo ndi ya madola. Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Munthu amene anali ndi ngongole ya madola anagona ndi ngongole ina ndikudzuka ndi ina. Onjezanipo vuto la forex lomwe tonse tikulidziwa, khadi la kubanki kuti lilole kulipira kunja ndi nkhondo payokha. Mbuzi yanu imaswa, mwana akadwala mumathamanga nayo ku nsika, fizi ikavuta ndi yomweyo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno achimwene.

Ine ndinalowamo koyamba zaka zingapo zapitazo ndili pano pa Nchalo, unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale usiku khoma limakhala lofunda ukaligwira. Laputopu ndinaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, fani yake ikulira ngati chigayo, foni ndaiyimika pawindo kuti igwire netiweki. Nditafika mu kalabu ina anthu onse ankaoneka otuwa ngati zidole zadothi chifukwa zovala zawo zinali zisanatsike, ine ndemwe ndinali kamtambo chabe, ndinadikira mphindi mwina khumi kuti ndione nkhope ya munthu. Bandulo imene ndimati indikwanira sabata inatha usiku umenewo. Patapita miyezi ndinapeza ganyu yolandira alendo mu kalabu ina, amati host, ntchito yake kupereka moni kwa aliyense wolowa, kuchemerera DJ, kusangalatsa anthu kwa maola awiri, malipiro ake ndi zimene anthu akuponyera mu kabotolo ka tip. Tsiku limene zinayenda bwino kwambiri ndinapeza L$400. Werengani nokha, sizikwana madola awiri, ndipo nthawi yake inali 2 koloko usiku chifukwa ndi pamene aku America amakhala aweruka. Kutacha ndinatsegula shopu maso ali psuu. Wakabaza wa pa Dyeratu amapeza zoposa pamenepo asanadye nkhomaliro.

Nde ndalama zili pati? Zili mwa anthu opanga zinthu. Chinthu chimodzi chimene Linden Lab inachita bwino kumapeto kwa 2003 ndikulola kuti chimene munthu wapanga m'dzikomo umwini ukhale wake, agulitse mmene akufunira. Pafupifupi chilichonse mukuona mmenemo, tsitsi, nsapato, mipando, nyumba, kavinidwe, ngakhale kayendedwe ka avatar, anapanga ndi munthu wamba ndipo akugulitsa pa Marketplace, msika wa katundu wa m'dzikomo, kampani imangodulapo gawo lake. Ubwino wake diresi ukalipanga kamodzi ukhoza kuligulitsa maulendo chikwi osagulanso nsalu. Wopanga amasankhanso ngati wogula angathe kukopera, kusintha kapena kupatsa wina. Ambiri amapangira mu Blender, pulogalamu yaulere youmbira zinthu pa kompyuta imene mungatsitse lero, ndipo kukweza chithunzi chimodzi m'dzikomo ndi ma L$ ochepa basi. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mwana wa kuchigwa kuno angalowerepo, chifukwa mmenemo zovala zachizungu zadzaza koma munthu wodziwa mmene chitenje chimakhalira m'chiuno, mmene duku amamangira, bwato la mu Elephant Marsh mmene limaonekera, ulimba ndi valimba mmene amaziyalira, ameneyo ali ndi katundu wake yekha. Koma ndikuuzeni zoona, kuphunzira Blender mpaka kupanga chinthu choti mlendo atulutse ndalama si za masabata atatu, ndi miyezi yambiri ya kukhala pansi. Chimene chimandisangalatsa ndi choti luso limenelo silithera ku Second Life, mukhoza kukaligwiritsa ku maiko ena a pa intaneti ngati IMVU ndi Roblox, kapena kujambulira munthu pulani ya nyumba kuno kwathu pa Ngabu ndikulandira makwacha m'manja.

Kutulutsa ndalamazo ndi nkhani inanso. Sizibwera pa Airtel Money kapena Mpamba mwachindunji ayi, umagulitsa ma L$ pa LindeX, amafuna chiphaso kuti adziwe kuti ndiwe ndani, kenako zimadutsa njira ngati PayPal ndipo paliponse pamadulidwa kenakake. Musanayike thukuta lanu yesani kaye njira yonseyo ndi kandalama kochepa muone ngati kafike m'manja mwanu.

Ndipo wina akadzakuuzani kuti ikani ma L$ anu kwa ife muzilandira chiwongoladzanja, thawani. Mu 2007 munali "banki" yotchedwa Ginko Financial imene inkalonjeza phindu lalikulu. Mu Julaye chaka chimenecho kampani italetsa juga anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo, bankiyo inalephera kubweza, inagwa mu Ogasiti ndi ndalama za anthu zokwana pafupifupi madola 750,000. Mu Januwale 2008 Linden Lab inaletsa mabanki onse opanda chilolezo cha boma. Banki mkhonde yathu ija ndi yabwino chifukwa msungichuma timadziwa pakhomo pake ndi amalume ake omwe.

Tsopano funso lachiwiri lija, lomwe ndikuganiza kuti ndi limene linakulembetsani kalatayi, za mbuzi zinali zongoyambira.

Malo a m'dzikomo anawagawa patatu, General, Moderate ndi Adult, ndipo mu 2009 anatsegula chigawo chonse cha akuluakulu chotchedwa Zindra. Kumeneko ndi kwa azaka 18 kupita m'tsogolo. Kuli makalabu ovina atavula, kuli ogulitsa chikondi pa mawu kapena pa kamera, kuli ongosewera nkhani zachikondi polemberana. Sindikubisirani, mbali imeneyi imayendetsa ndalama zambiri, matupi a ma avatar ndi zovala zake anthu amagula kuti akaoneke bwino kwa anzawo. Koma kunena kuti dziko lonselo ndi zachiwerewere ndi bodza. Ine munthu amene ndinacheza naye kwambiri anali gogo wina wa ku Scotland woyenda pa njinga ya olumala, ankabwera Lachisanu lililonse kudzamvera oyimba gitala, ankandifunsa za mvuu ndi ng'ona za mu Shire, nthawi ya Freddy nditasowa masabata atatu ndinapeza mauthenga ake asanu ndi awiri akufunsa ngati tili moyo. Ndinalira pamene ndinkawerenga. Nde musalole wina akuuzeni kuti ubale wa mmenemo ndi wabodza, avatar ndi chidole inde koma kuseri kwake kuli munthu wamagazi.

Ndi chifukwa chomwecho sindingakuuzeni kuti ndi gemu chabe, pitirizani. Kukhala partner ndi kophweka, mumalipira ma L$ ochepa kwambiri, dzina la mnzanuyo limaoneka pa profile yanu, ena mpaka amachititsa ukwati, diresi loyera, alendo, zonse. Palibe ankhoswe, palibe malowolo, palibe lamulo la dziko limene limauwerengera. Koma mtima suwerenga zimenezo. Inuyo mwalemba nokha kuti mumadikira mayi agone kaye ndipo mumatsitsa kuwala kwa sikirini. Ngati chinthu mukuchichita mobisa chonchi ndekuti inu mwini mukudziwa kale mmene angamvere atachiona. Mwandifunsa ngati mukuwalakwira, ine ndikuti inde, mwayamba kuwalakwira, osati chifukwa cha zidole ziwiri zogwirana pa sikirini koma chifukwa maola amenewo, mawu okoma amenewo ndi ndalama ya bandulo imeneyo zachoka pakhomo panu. Sindikukuweruzani achimwene, ndikudziwa mmene zimakomera munthu wakutali akamakufunsa kuti waswera bwanji pomwe kunyumba nkhani ndi ya ufa ndi fizi basi. Koma mayiwo nawonso atopa ndi nkhani ya ufa yomweyo.

Chinanso, mzimayiyo simukumudziwa. Aliyense mmenemo ndi wokongola chifukwa nkhope ndi yogula, chikomekome cha nkuyu. Akhoza kukhaladi mayi wa ku Ulaya wosungulumwa, akhoza kukhala bambo, akhoza kukhala mnyamata wa dziko loyandikana nalo amene ntchito yake ndi yomweyi, ngakhale mawu pali mapulogalamu osinthira. Njira ya akuba imafanana nthawi zambiri, amayamba ndi chikondi, kenako tiyeni tichoke muno tipite pa WhatsApp, kenako tumizani chithunzi muli chovula kapena tsegulani kamera, akajambula basi nkhani yasintha, tumizani ndalama apo ayi ndiyika pa Facebook abale anu onse aone. Kwa munthu wa ku Bangula kumene aliyense amadziwa aliyense, mpaka kutchalitchi, chimenecho chikhoza kukugwetsani kwambiri. Nde dzina lanu lenileni, nambala ya foni, kumene mumagwira ntchito, zithunzi za ana, musapereke. Link imene wakutumizirani yoti mulembepo password musatsegule. Ngati zafika kale poopsezedwa musalipire chifukwa akalandira kamodzi amabweranso, sungani mauthengawo mukanene kupolisi, dziko lathu lili ndi lamulo la milandu ya pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ndipo mukadzakumana ndi avatar yooneka ngati mwana kumalo amenewo, kapena munthu amene kalankhulidwe kake kakuonetsa kuti ndi wamng'ono, tulukani nthawi yomweyo ndikumuneneza, kampani imaletsa zimenezo kotheratu ndipo ndi mlandu waukulu kunja kuno.

Laputopuyo ndi ya alamu anu, musaiwale. Firestorm, pulogalamu imene ambiri amalowera, imasunga macheza mu kompyutamo, ndipo ngati ana amaigwiranso masana musasiye password yosungidwa.

Mukanakhala mng'ono wanga ndikanati mzimayiyo muuzeni mwaulemu kuti muli pabanja ndipo za partner sizitheka, ngati ndi munthu wabwino amvetsa ndipo mwina mukhala mabwenzi wamba, akakwiya kapena kuyamba kupempha ndalama mwadziwa amene munali naye. Kenako tsiku lina madzulo aitaneni mayi akhale pambali panu muwaonetse dzikolo, muwatengere kumalo a nyimbo, aone anthu akuuluka, aseke. Mwandiuza kuti amasoka pa makina, nde iwowo ndi amene akudziwa mmene diresi la chitenje limadulidwira, inu mukaphunzira Blender mukhoza kupanga limodzi chinthu choyamba chogulitsa.

Za Blender ndili ndi mavidiyo ophunzitsira amene ndinatsitsa kale, ali pa flash. Mukamadzapita ku Blantyre mudzatsike pa Nchalo ndidzakukoperereni kuti musaononge bandulo, mungondilembera pa imelo yomweyi tsiku lake, Loweruka ndimatseka 4 koloko.