Ukufuna za GPS ya m'galimoto, nanga masamu bwanji?

Wandilembera mnyamata amene wangolemba kumene MSCE. Akufuna ntchito ya ukadaulo wogwiritsa GPS pochepetsa liwiro ndi utsi wa galimoto, ndipo maloto ake ndi okagwira ntchito ku Germany. Bambo ake akuti n'zachibwana zimenezo, achite za akaunti. Kumapeto wangotchulako pang'ono kuti masamu amamuvuta. Makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo za masamu nthawi zonse zimabisidwa kumapeto.

Ndiyambe ndi inu bambo. Si zachibwana ayi. M'mayiko a European Union, kuyambira July 2024 galimoto iliyonse yatsopano iyenera kukhala ndi chipangizo chozindikira liwiro lololedwa, kudzera pa mapu a GPS kapena kamera yowerenga zikwangwani, n'kumachenjeza dalaivala akapyola. Galimoto zina za BMW zoyendera petulo ndi batire zikangolowa m'madera osankhidwa a mizinda ina zimasinthira zokha ku batire kuti anthu asapume utsi. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Kukankhira mwana ku akaunti chifukwa wa aneba ali ku banki, ine zimanditopetsa.

Tsopano iwe mwanawe. Za ku Germany ziike pambali kaye, kukonda galimoto sikulembetsa munthu ntchito. GPS imadziwa pamene uli powerengera nthawi imene uthenga watenga kuchoka ku masetilaiti osachepera anayi. Amenewo ndi masamu ndi fizikisi, palibe kozembera. Masamu akatuluka ofooka, bwereza mayeso, usachite manyazi.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya mapu: maphunziro a GIS (kukonza ndi kusanthula mapu pa kompyuta) ku MUST ku Thyolo, kapena land surveying (kuyeza malo) ku MUBAS ndi ku Mzuni. Kachipangizo ka GPS aliyense atha kugula kunja, koma mapu olondola a misewu yathu ayenera kukonzedwa ndi wodziwa kuno. Taganiza za M1 pa Lizulu, pamene mbatatesi ndi kabichi zimayalidwa m'mbali mwa tara ndipo ogulitsa amathamangira basi iliyonse ikaima. Kuti galimoto idziwe yokha kuti apa ichepetse liwiro, pamafunika munthu wojambula malire a malowo pa mapu. Malole opita ku Beira ndi ku Dar es Salaam ambiri ali kale ndi ma tracker, tizipangizo ta GPS toonetsa pamene lole ili, ndipo eni ake amafuna wotha kuwerenga zimene akuonetsa: dalaivala amathamanga pati, injini yalira maola angati lole itaima pa boda ya Mwanza, dizilo akungopsa.

Poyembekezera zotsatira usamangokhala pa WhatsApp. QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapu, ndi yaulere; OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense atha kuwonjezerapo, nayonso. Bwereka kompyuta, ujambule dera lanu: sukulu, mahampu, posungira njinga za kabaza, pamene anthu amagundidwa kawirikawiri. Ukapirira nazo mpaka zotsatira zitatuluka, aonetse bambo, kenako undilemberenso tione makosi oti ulembe pa fomu ya NCHE.