Mng'ono wanga amasintha ngati ndi munthu wina: ndizichita chiyani?

Funso: Adokotala, mng'ono wanga wa zaka 26 anamupeza ndi matenda a dissociative identity disorder. Nthawi zina amayankhula ngati kamwana, nthawi zina amalusa n'kumadzitchula dzina lina, kenako sakumbukira chilichonse. Abale ena akuti akunamizira, ena akuti wagwidwa ndi mizimu. Ndimakhala naye nyumba imodzi. Akasintha chonchi ndizitani?
Mkulu wake

Yankho: Zikomo mayi potilembera. Mng'ono wanu sakunamizira ayi. Matendawa alembedwa m'mabuku onse awiri amene madokotala a matenda a maganizo amatsata, DSM-5 la American Psychiatric Association ndi ICD-11 la World Health Organization.

Gwero lake nthawi zambiri ndi nkhanza zobwerezabwereza paubwana: kumenyedwa, kugwiriridwa, kusiyidwa wopanda womusamala. Mwana alibe kothawira, choncho maganizo ake amaika zowawazo pambali ngati zikuchitikira wina. Akamakula, zigawo za umunthu wake sizilumikizana. China chimasunga mantha, china mkwiyo, china chimapita kuntchito ngati palibe chinachitika. Malinga ndi DSM-5, odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse ku United States, Canada ndi Europe anazunzidwa kapena kusasamalidwa ali ana. Bukuli limanenanso kuti matendawa amatha kuoneka ngati kugwidwa ndi mzimu, ndiye abale anuwo musawaseke. Dokotala amaona ngati vutolo likubwera lokha, likusokoneza moyo wa munthu ndiponso likumuiwalitsa zimene wachita, ndipo amayamba watsimikiza kuti si khunyu, mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Akasintha, tsitsani mawu ndipo khalani pamene akukuonani. Musamugwire musanamupemphe, chifukwa kwa munthu amene anazunzidwa dzanja lobwera mwadzidzidzi limadzutsa zakale. Anthu asamuunjikire. Muuzeni kuti ndinu ndani, ali kuti, ndi tsiku lanji, ndiponso kuti palibe womuopseza. Akamanjenjemera kapena kungoti maso tong'o, mupempheni aponde pansi ndi mapazi onse awiri, atchule zinthu 5 zimene akuziona, 4 zimene angakhudze, 3 zimene akumva m'makutu, 2 zonunkhira ndi chimodzi chimene angalawe. Madzi ozizira m'manja amathandizanso. Thupi lake panthawiyo limakhala likukhulupirira kuti zoopsa zakale zikuchitika tsopano, ndipo mukungolikumbutsa kumene lili.

Mawu oti "ndikufuna mng'ono wanga weniweni" musawanene. Zigawo zonsezo ndi iye yemwe, ndipo chaukalicho kawirikawiri ndi chimene chinkamuteteza, mukachikana chimalimbikira. Chigawo chooneka ngati kamwana chiyankhuleni mofatsa ndi mawu osavuta. Koma ulemu sikulekerera: akaswa chinthu kapena kukunyozani, nkhaniyo mukambirane atakhazikika, chifukwa udindo ndi wa munthu yense. Kuitana zigawo kuti alendo aone, kapena kumujambula pafoni, ndi nkhanza ina.

Zikatha amakhala wotopa, mutu ukuwawa, mwinanso wamanyazi. Mufotokozereni mwachidule zimene zachitika ndi nthawi imene zatenga, osawonjezera. Mugwirizane zosunga kabuku kolembamo tsiku, ola ndi chimene chinachitika asanasinthe, kaya phokoso, fungo, mkangano kapena kubwera kwa munthu wina. Pakapita milungu ingapo mudzayamba kuona zimene zimamudzidzimutsa. Ngati akumwa mankhwala, aikeni m'kabokosi ka masiku 7, poti kuiwala kumachititsa kuti adumphe kapena amwe kawiri.

Apa ndi pamene abale achikondi amalakwitsa kwambiri: kufukula zakale. Chithandizo chenicheni ndi uphungu wa katswiri, ndipo chimayenda m'magawo atatu. Loyamba ndi chitetezo ndi kuphunzira kudzikhazika mtima pansi, lachiwiri ndi kukambirana zowawa zija pang'onopang'ono, lachitatu ndi kugwirizanitsa zigawozo kuti moyo uyende. Mukamufunsa kuti "anakuchita chiyani?" gawo loyamba lisanakhwime, maloto oopsa ndi kudzivulaza zimawonjezeka. Akayamba yekha kunena, mvetserani, osafunsa tsatanetsatane. Ulendowu umatenga zaka. Mankhwala ochiza matenda amenewa mwachindunji kulibe. Amene amapatsidwa ndi ochepetsa kukhumudwa, nkhawa kapena kusowa tulo.

Nkhani yodzipha musaizembe. DSM-5 imati odwala oposa 70 mwa 100 alionse amene amalandira chithandizo akuchokera kunyumba anayesapo kudzipha. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Tsiku limene ali bwino, lembani limodzi pepala lokhala ndi zizindikiro zoti zinthu zikuipa, anthu awiri oti muwaimbire ndi chipatala chapafupi. Mankhwala ochuluka, poizoni ndi zingwe zikhale kokhoma. Akanena kuti wakonza njira kapena tsiku, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.