Wamakompyuta akufuna ukhansala: ayambire pa app kapena pa zoni?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka ku Zambia. Akuti amalemba mapulogalamu pakampani ina mutauni, ndalama zikulowa bwinobwino, koma watopa kuona madzi akulowa m'nyumba za anthu dzinja lililonse, zinyalala osatola, mafomu a CDF (thumba la boma la ndalama za chitukuko cha m'dera la MP) kumangosowa. Ndiye akufunsa kuti: "Ndikufuna kudzaima paukhansala. Ndiyambe ndapanga app yoti anthu azinenerapo mavuto a m'komboni kuti andidziwe?"

Achimwene, app ija ibadikira kaye. Anthu a ku Kanyama sakusowa ponenera mavuto ayi, amanena pawailesi, kutchalitchi, pamaliro, mu minibasi, ngakhale pamzere wotunga madzi. Akusowa munthu woti dandaulo lija alinyamule, alilembe bwino, alifikitse pa tebulo loyenera kenako n'kumapitako mobwerezabwereza mpaka aofesi atope naye. Ndipo ngalande yotsekeka siifuna lipoti lina, aliyense akuidziwa, ndi yomwe ija imadzaza chaka ndi chaka.

Khomo lenileni ndi WDC, komiti ya chitukuko ya mu wadi. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 ndi lomwe linakhazikitsa makomiti amenewa, wadi iliyonse imagawidwa m'mazoni ndipo zoni imasankha woiyimira. Ntchito yake ndi yongodzipereka, musayembekezere salale. Koma mvetsani apa: CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inadumpha kufika K25.7 miliyoni, 2024 inali K30.6 miliyoni, ndipo mapempho a mapulojekiti, ma bursary a ana a kusekondale ndi a maphunziro a luso, ndalama za magulu a amayi ndi achinyamata, zonsezi zimayamba zadutsa ku WDC zisanakafike ku komiti ya CDF. Ndalama zinakula koma kalembera wake m'malo ambiri akadali wa hadikava ndi bolopeni. Apa ndiye pali ntchito yanu. Gulu la amayi ogulitsa makala limagwa osati chifukwa bizinesi yawo ndi yoipa, koma bajeti sinagwirizane ndi makotesheni, kapena satifiketi ya gulu sanaiphatikize. Mukhale nawo Loweruka, laputopu pamwendo, muwakonzere. Pangani ka Excel kosonyeza ndani anapempha, liti, fomu ili pati pano. Yendani ndi anyamata a m'zoni mulembe pa mapu zitsime zosazama, zimbudzi zomwe zimasefukira ndi malo omwe madzi amaima, KoboToolbox yotolerera deta ndi OpenStreetMap ya mapu ndi zaulere, foni wamba imakwanira. Tonse tikukumbukira Januwale 2024 pomwe bwalo la Heroes linasanduka chipatala cha kolera ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa, mapu otere akafika kwa azaumoyo mvula isanayambe amathandiza kuposa chithunzi chanu pakhoma la shopu.

Kachenjezo pang'ono: manambala a NRC (chitupa cha unzika) ndi mafoni a anthu si oponya pagulupu ya WhatsApp. Pali lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, ndipo inu wamakompyuta simungadzanene kuti simumadziwa.

China chomwe anzathu a IT samva msanga ndi chakuti khansala siyemwe amayendetsa makompyuta a ku Civic Centre, likulu la khonsolo. Iye amakhala m'makomiti, amavomereza bajeti ndi malamulo a mzinda, amafunsa mafunso. Ogwira ntchito ali pansi pa Town Clerk, mkulu wa maofesi a khonsolo, ndipo amalembedwa ndi Local Government Service Commission, osati ndi inu. Ndiye ngati mtima wanu uli pokonza kalipiridwe ka maleti ndi malaisensi kuti anthu asamaime pamzere, mwina mpando womwe mukufuna ndi wa ntchito ku khonsolo kapena ku Smart Zambia, nthambi ya boma yoona za makompyuta, osati wa voti. Dzifunseni bwino zimenezi musanagule zitenje za kampeni.

Ngati ndi voti basi, zofunika sizambiri. Malamulo a dziko omwe anakonzedwa mu 2016 amati mukhale ndi zaka 19 kapena kuposa, mukhale wokhala m'boma lomwelo, mukhale mulibe ngongole ya misonkho ya khonsolo, ndiponso mukhale ndi satifiketi ya Giredi 12. Digiri yanu ya kompyuta siilowa m'malo mwa Giredi 12 ija, ifunefuneni m'sutikesi ya amayi lero, mukaitsimikize ku Examinations Council nthawi ikadalipo. Chisankho chimachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka 5 zilizonse. Za chipani sindikusankhirani, kungoti adoption, kusankhidwa ndi chipani kuti muchiimire, ili ndi ndale zakezake ndipo woima payekha amalipira chilichonse m'thumba mwake.

Koma walira mvula walira matope. Khansala foni yake imalira 2 koloko usiku, maliro alibe bokosi, mwana watsekeredwa kupolisi, aneba akukangana za malire a puloti. Inu munazolowera kuti vuto likabwera mumatsegula tiketi, mwakonza, mwatseka. Kuno agogo adzakufotokozerani nkhani ya mpope kuyambira nthawi ya Kaunda ndipo mukawadula pakamwa mwaluza banja lonse, ndi alendi awo omwe. Chizungu cha mu ofesi muchisiye pageti, pamsonkhano wa zoni ndi Chinyanja, pena Chibemba, ndipo mukafika moni kaye kwa akuluakulu musanatulutse laputopu. Ntchito yanu musasiye msanga, ndi yomwe idzakugulireni mafuta ndi mabando.

App ija mudzapanga ndithu, koma mukakhala mu WDC dzinja limodzi mudzaona nokha kuti iyenera kukhala ya USSD (ija yoimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera pa #) kapena ya WhatsApp, yogwira pa kafoni ka mabatani malaiti atapita, ndipo mudzakhala mukudziwa dzina la munthu wa ku khonsolo woti madandaulowo azikafikira pa desiki yake.