Achimwene anu sanalowe za satana

Kalata yanu, achemwali a ku Matawale, ndaiwerenga katatu. Mukuti achimwene anu amene ali ku America asayina mapepala oti akadzamwalira, thupi lawo lidzaumitsidwe m'thanki yozizira podikira kuti madokotala adzapeze njira yowadzutsira. Abale ayamba kale kunong'onezana kuti alowa za satana, ndipo mukufunsa ngati muwauze mayi anu.

Ndiloleni ndiyambe ndi za bambo anga.

Anamwalira m'mwezi wa June, chifunga chitakuta phiri la Zomba. Mkulu wanga anali ku Johannesburg, ndiye tinawasunga kumotchale masiku anayi podikira kuti afike. Tsiku lachitatu ndinapempha wogwira ntchito kuti anditsegulire. Ndinawagwira pachipumi, pozizira ngati mwala wa mumtsinje wa Mulunguzi. Ndevu zawo zoyera zinalipo, kachipsera ka chikwanje pachala chachikulu kanalipo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkati bola akadali pano, mawa ndibweranso. Kulira kwenikweni ndinakalira kumanda, adzukulu ataponya khasu loyamba la dothi pabokosi. Wina akanandiuza tsiku limenelo kuti ilipo njira yowasungira osawola, ndikanagulitsa munda osafunsa aliyense.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamaseka nkhani ya cryonics, kuumitsa mitembo kotereku, pa Facebook, amvekere azungu ndalama zawazunguza mitu. Robert Ettinger, amene anayambitsa Cryonics Institute ku Michigan mu 1976, munthu woyamba kumusunga kumeneko anali mayi ake omubereka. Mu 2015 makolo ena a ku Thailand anaumitsa ubongo wa mwana wawo wa zaka ziwiri amene anafa ndi khansa. Mu 2016 mtsikana wa zaka 14 wodwalanso khansa anapempha khoti ku London, mayi ake ali kumbali yake, kuti asadzakwiriridwe, ndipo khoti linalola kuti mayiwo ndiwo agamule. Misala ili pati apa? Ine ndikuona anthu amene manja awo akukana kusiya.

Ifenso timatani? Timakongola kwa akatapila kuti mtembo uchoke ku Joni udzagone kwawo. Timamanga ziliza za matailosi pamene denga la nyumba likudontha. Azakhali anga mpaka lero sanachape jekete la amuna awo, akuti fungo lingachoke. Palibe amawanena za satana.

Koma amene ndilibe nawo mawu okoma ndi ogulitsa chiyembekezochi. Amachotsa magazi, n'kulowetsa mankhwala oletsa madzi kuundana m'thupi, kenako n'kuika mtembo mu nayitrojeni wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. James Bedford, woyamba kuumitsidwa motere, anamwalira mu January 1967, ndipo akadali m'thanki ku Alcor, bungwe losunga mitembo youmitsidwa ku Arizona. Sanadzuke. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzukapo, ndipo mankhwala omwewo amawononga maselo. Mtengo wake ku Alcor unali madola osachepera 200,000 thupi lonse, 80,000 mutu wokha. Ku Michigan amayambira pa 28,000. Ambiri amalipira ndi inshuwalansi ya moyo, ndalama imene ikanaphunzitsa ana otsala. Ndipo thanki imafuna woidzaza nayitrojeni zaka ndi zaka: mu 1979 ku Chatsworth, ku California, anapeza mitembo itasungunuka n'kuwola ndalama zitatha. Abale awo analira maliro kawiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: maliro si a womwalira yekha. Dothi lija linandipweteka, koma ndi lomwe linandilola kugona tulo. Tsopano ndili ndi pokalambula, pokakhala mtima ukalemera. Wotsala amene m'bale wake ali m'thanki kutsidya la nyanja akalira kuti? Adzakhala ngati ine pakhomo pa motchale paja, akumati mawa ndibweranso, mpaka kukalamba.

Nanga mayi muwauze?

Adziwe, koma asamvere kwa inu, ndiponso asamvere m'manong'onong'o a pachitsime. Imbirani achimwene anu, muwafunse chimene akuopa, osayamba ndi kuwadzudzula. Kenako muwauze kuti nkhaniyi aiyankhule okha ndi mayi awo, malume alipo. Tsiku loimba fonilo, inu mukakhale pamphasa pafupi ndi mayi.