Kodi mafilimu omwe tinkaonera ku vidiyo sho aja anali zinyalala?

Bambo wina amene akukhala ku Britain ndi banja lake wandilembera kalata. Akuti ana ake awiri, onse a ku sekondale, anamufunsa kuti awatchulire mafilimu abwino kwambiri a zaka za m'ma 1980. Atafufuza pa intaneti anapeza mindandanda yodzaza ndi mayina omwe sanawamvepo, ndipo pa mafilimu amene iye anakula nawo panalibe ndi imodzi yomwe. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi zomwe tinkaonera ku vidiyo sho zija zinali zinyalala? Nanga anawa ndiwaonetse chiyani?"

Achimwene, funso lanu loyambalo landilasa mtima, chifukwa nanenso linandisowetsapo mtendere. Yankho langa ndi lakuti ayi, sizinali zinyalala zonse. Koma kuti mundimvetse, tiyambe takumbutsana mmene tinkaonerera.

Ku Malawi kunalibe wailesi ya kanema mpaka 1999, pamene TVM inatsegulidwa. Mwana wa m'tauni yathu akafuna kuona filimu, njira inali imodzi: kupeza matambala n'kupita kuseri kwa msika. Inali nyumba ya zidina, mazenera ake otseka ndi makatoni, mkatimo mabenchi a matabwa osapala ndi sikirini yaing'ono yosanjikidwa pamwamba kuti a kumbuyo aziona. Sipika ankaiika panja dala, kuti kulira kwa mfuti kuziitana anthu odutsa. Pakhomo pankapachikidwa chikuto cha tepi, ndipo pabolodi ankalemba ndi choko dzina la ekitala, osati la filimu. Mafilimu a m'ma 1980 ambiri anatipeza mochedwa, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa matepi ojambulidwa kuchokera ku matepi ena, zithunzi zake zosuluka. Deki ikatafuna tepi, tonse tinkakuwa mpaka mwini wake aitsegule.

Chachikulu n'chakuti ambirife Chizungu sitinkachimva. Ngakhale amene ankakhoza mkalasi, Chizungu cha ku America chotuluka pa sipika yong'ambika chinkangowadutsa. Tinkatsatira nkhani ndi maso basi: nkhope ya munthu, mayendedwe ake, amene akuthawa ndi amene akuthamangitsa. Filimu ikayamba kuchulutsa zokamba, anthu ankayamba kucheza, ena kutuluka kukagula zitumbuwa. Ikagwira, m'nyumba monse munkati zii. Ine ndimakhulupirira kuti chimenecho chinali chiyeso chovuta kuposa cha olemba mindandanda ambiri. Filimu yogwira mtima anthu odzaza nyumba omwe sakumva chinenero chake, yapambana pa ntchito yeniyeni ya kanema, yomwe ndi kufotokoza nkhani ndi zithunzi.

Pali tsiku lina lomwe sindiliiwala. Ankaonetsa First Blood, ya 1982, filimu yoyamba ya Rambo. Ife tinali titaonera kale yachiwiri ija ya 1985, ya mivi yophulika, ndiye tinalowa tikuyembekezera mitembo. Koma filimu inayamba mwakachetechete. Munthu akuyenda wapansi, chikwama kumsana, akukafuna mnzake amene anali naye kunkhondo ya ku Vietnam, n'kukapeza kuti anamwalira kale ndi khansa. Akulowa m'tauni ina yaing'ono kuti angogula chakudya, mkulu wa apolisi akumukweza galimoto n'kukamutula kunja kwa tauni ngati wakuba. Kupolisi akumuthira madzi a m'paipi, ndipo atamutulutsira lumo kuti amumete, maganizo ake akubwerera kumene ankazunzidwa ali mkaidi wa nkhondo. Zonsezi tinazimva popanda wotimasulira.

Pa benchi ya kumbuyo panakhala bambo wina wa m'dera lathu, amene tinkadziwa kuti anali msilikali ndipo anapitako ku Mozambique, nthawi imene asilikali a Malawi ankalondera njanji ya ku Nacala. Chibwerere kumeneko sankakonda kuyankhula. Akazi awo ankadandaula kwa amayi anga kuti usiku bamboyo sagona, amangokhala pakhonde. Filimu itafika kumapeto, pamene Rambo wazingidwa mu ofesi ya apolisi n'kuyamba kulira pamaso pa mkulu wake wakale wa usilikali, anyamata anayamba kung'ung'udza. Ekitala kulira? Wina anakuwa kuti athamangitse tepi. Bambo aja anayankhula kamodzi kokha, osakweza mawu: "Ana inu, khalani chete. Mumve." Tonse tinakhala chete, ngakhale mawuwo sitinkawamva. Ndinadzamva nditakula kuti pamenepo Rambo amafotokoza za mnzake amene anaphulitsidwa ndi bomba ku Saigon, mzinda wa ku Vietnam, iye ali pomwepo, komanso kuti kunkhondo ankamudalira ndi zida za ndalama zankhaninkhani, pamene kwawo akulephera kusunga ngakhale ntchito yoimika magalimoto. Bambo aja sanafunikire kumva Chizungu kuti adziwe zimenezo. Filimu itatha anakhalabe pa benchi mpaka tonse titatuluka.

Kuyambira pamenepo sindilola munthu kuphatikiza mafilimu a Rambo m'thumba limodzi. Mu First Blood munthu amene timamuona akufa ndi mmodzi yekha, wapolisi wogwa mu helikopita. Ndi nkhani ya dziko lomwe linatumiza ana ake kunkhondo, n'kuwakana atabwerako. Yachiwiri ija inatembenuza zonse: munthu wosweka mtima uja anasanduka makina ophera anthu a ku Vietnam omwe sapatsidwa ngakhale dzina, cholinga chake kuti America ipambane pa sikirini nkhondo yomwe inaluza pabwalo. Missing in Action ya Chuck Norris, ya 1984, inachita chimodzimodzi. Ife ana a ku Africa tinkaombera m'manja zimenezo, ndipo zimandiwawa ndikaganiza kuti anthu ogwa ngati ntchentche aja anali alimi a mpunga osasiyana kwenikweni ndi abale athu a ku Karonga. Ngati pali zinyalala pa zomwe tinkaonera, ndi zimenezo. American Ninja nayonso sindingaiikire kumbuyo.

Koma Jackie Chan ndimuikira kumbuyo mpaka kalekale. Ndinene mosapsatira: kwa ine Police Story, ya ku Hong Kong ya 1985, ndi imodzi mwa mafilimu atatu kapena anayi opambana a zaka khumi zonsezo, ndipo mndandanda umene ulibe filimu imeneyi ndi wopunduka. Iye anali wotsogolera komanso ekitala. Anaipanga atakhumudwa ndi mmene a ku America anamugwiritsira ntchito mu The Protector chaka chomwecho, ndipo anafuna kuonetsa mmene filimu ya apolisi imayenera kujambulidwira. Taonani poyambira paja, magalimoto akutsetsereka phiri kudutsa m'kati mwa tinyumba ta malata, tikuphwasuka timodzitimodzi. Kenako iye akulendewera pa basi yosanja, atakola zenera ndi chogwirira cha ambulera. Kumapeto, m'nyumba yaikulu ya masitolo, magalasi akusweka mbali zonse, iye akudumphira pa chitsulo chachitali chokulungidwa ndi magetsi n'kutsetsereka nacho mpaka pansi, mababu akuphulika m'manja mwake. Anapsa manja zenizeni. Kamera imaima patali, kukuonetsani thupi lonse ndi malo onse, kuti mudziwe pamene munthu wachokera ndi pamene wagwera. Mafilimu ambiri a masiku ano amaduladula zithunzi pofuna kubisa kuti ekitala sadziwa kumenya. Jackie Chan sankabisa kanthu, mpaka kumapeto ankaonetsa pamene zinalakwika, anzake akumunyamula atavulala. Filimu imeneyi inapambana mphoto ya filimu yabwino koposa ku Hong Kong Film Awards. Ife a ku vidiyo sho sitinkadziwa za mphotoyo, koma tinali titaweruza kale chimodzimodzi.

The Terminator ya 1984 ndi Die Hard ya 1988 nazonso zimakhoza chiyeso chomwechi. Munthu wopanda nsapato akuponda magalasi osweka mu Die Hard safuna womasulira.

Mwina mukudabwa kuti sindinatchule The Gods Must Be Crazy, ya 1980, poti tonse tinaseka nayo mpaka misozi. Ndimavomereza kuti Jamie Uys, wotsogolera filimuyo, ankadziwa kuseketsa ndi zithunzi, ndipo ekitala wake N!xau anali ndi nkhope yokondeka. Koma inapangidwa ndi a ku South Africa nthawi ya tsankho, ndipo imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu za dziko, okhala mu mtendere wosatha, pomwe zaka zomwezo gulu lankhondo la South Africa linkalemba amuna a mtundu umenewu usilikali ku Namibia. Anthu akuda omenyera ndale mu filimuyo ndi zitsiru zongowombera paliponse. Ngati mudzawaonetse ana anu, mudzakhale nawo pompo ndipo mudzakambirane. Out of Africa ya 1985, yomwe inatenga ma Oscar 7, ndi yokongola m'maso, koma anthu a ku Kenya mmenemo ndi antchito ndi malo ojambulirapo chikondi cha azungu awiri.

Zomwe sizinatipeze

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lenileni, ndipo silikhudza mindandanda ya pa intaneti. Zaka zomwe ife tinkaloweza mayina a Van Damme ndi Schwarzenegger, anthu a ku Africa kuno ankapanga mafilimu apamwamba zedi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inafika pa bolodi la choko lija.

Mu 1987 Souleymane Cissé wa ku Mali anatulutsa Yeelen, m'chinenero cha Bambara, ndipo inalandira mphoto ya Jury Prize pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Ndi nkhani ya mnyamata, Nianankoro, amene akuthawa bambo ake omubereka, katswiri wa zamatsenga wa m'gulu lachinsinsi la Komo, yemwe akufuna kumupha poopa kuti mwanayo adzamuposa. Bamboyo akumulondola ndi munsi wamatsenga wonyamulidwa ndi anthu awiri, munsiwo ukuwakoka uku ndi uku. Tandiuzani, achimwene, ndani wa ife akanafuna womasulira pamenepo? Munsi timaudziwa. Za magulu a zinsinsi zosaululidwa kwa osalowa timazidziwa. Za kholo lochitira nsanje mwana wake tinazimva m'nthano za agogo. Filimu imeneyi ikanatseka pakamwa nyumba yonse ya vidiyo sho kuposa Commando. Ine ndinadzaionera ndili bambo kale, ndipo ndinakwiya kuti ndinakula ndikuganiza kuti kanema ndi chinthu cha azungu, Matchaina ndi Amwenye basi.

Camp de Thiaroye, ya 1988, ya Ousmane Sembène ndi Thierno Faty Sow, imafotokoza za asilikali a kumadzulo kwa Africa amene anamenyera nkhondo France, n'kubwerera ku Senegal mu 1944. Atafunsa malipiro awo, asilikali a France anawaombera pa 1 December chaka chomwecho, pa kampu ya pafupi ndi Dakar. Aliyense amene agogo ake anapita kunkhondo ku Burma ndi King's African Rifles, gulu la asilikali la atsamunda a ku Britain, n'kubwerako chimanjamanja angaimve filimuyi m'mafupa. Bambo a pa benchi ya kumbuyo aja ikanawayankhula kuposa Rambo.

Pafupi nafe pomwepa panali Mapantsula, ya 1988, ya Oliver Schmitz ndi Thomas Mogotlane. Mogotlane yemweyo ndi amene akusewera Panic, kambava ka m'misewu ya Johannesburg kosalabadira za ndale, mpaka katsekeredwa m'chitokosi chimodzi ndi omenyera ufulu ndipo apolisi akukanyengerera kuti kawapereke. Opanga ake anapusitsa akuluakulu a boma powaonetsa nkhani yolembedwa ngati ya zigawenga wamba. Ine ndimaiika pamwamba pa Cry Freedom ya 1987, yomwe inajambulidwa ku Zimbabwe. Denzel Washington anasewera bwino kwambiri ngati Steve Biko, wolimbana ndi tsankho ku South Africa, koma Biko akangofa, filimu yonse yotsala ndi ya mtolankhani wachizungu Donald Woods akuthawa ndi banja lake.

N'chifukwa chiyani sizinafike? Matepi ankabwera ndi amalonda, ndipo wamalonda amanyamula zomwe akudziwa kuti zigulidwa. Mafilimu ambiri a kumadzulo kwa Africa ankapangidwa ndi thandizo la ndalama zochokera ku Ulaya, n'kumazungulira m'zikondwerero za mafilimu monga FESPACO ya ku Ouagadougou ndi za ku France, osati m'misika. Kwathu kunalinso Censorship Board, yoona ndi kuletsa mafilimu, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, m'dziko lomwe linali pa ubale ndi boma la tsankho la South Africa. Filimu ya munthu wakuda akukana kumvera apolisi sinali katundu woti wamalonda angaike nayo moyo wake pachiswe. Lero anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ali ponseponse, ndipo luso ali nalo. Ndimalakalaka mmodzi wa iwo atatenga Yeelen.

Tsono za ana anu. Mindandanda ija musaitaye: Raging Bull ndi Blade Runner ndi mafilimu abwino ndithu, adzawapeza okha akamakula. Inu yambani ndi Police Story kuti aone chomwe chinkakusangalatsani, kenako First Blood, ndipo muwafotokozere za asilikali athu. Mukatero Mapantsula, Yeelen ndi Camp de Thiaroye, zomwe mwina inunso mudzakhala mukuziona koyamba. Poti akukulira kunja ali akuda, onjezanipo Do the Right Thing ya Spike Lee, ya 1989. Ambiri mwa amenewa ali ndi chiwawa kapena mawu otukwana, choncho yambani mwaonera nokha. Mapantsula inakonzedwanso n'kuonetsedwa ku Berlin mu 2023, ndipo Camp de Thiaroye ku Cannes mu 2024, ndiye funani makope okonzedwanso amenewo, osati osuluka a pa YouTube.